Mazira Awiri a Namkanda

Kalekale, kale lenilenilo, milambe ikadali yoonda ngati bango...

Nanga "tili tonse" wanu ali kuti? Mwamumeza? Eya, choncho. Iwe wakutsogolowe tseka pakamwa, nthano imalowera kukhutu.

Kalekale kunalibe lamya, kunalibe basi. Munthu akanyamuka ulendo wautali, otsala pakhomo ankangokhala maso kunjira, osadziwa ngati wafika kapena wajiwa ndi zilombo. Ndiye anthu anapeza nzeru, nzeru yake nkhunda. Paja nkhunda, ngakhale uitsekere m'chitete, uvindikire ndi nsalu, uwoloke nayo mitsinje, ukangoitsegulira imakwera m'mwamba, kuzungulira, kuzungulira, kenaka tswii! kwawo. Siifunsa njira kwa munthu. Choncho wapaulendo ankanyamula nkhunda ya pakhomo pake. Akafika bwino, ankaimanga mkanda woyera kumwendo n'kuiulutsa. Zikavuta, mkanda wofiira.

Pamudzi wina panali khola la nkhunda lomangidwa m'mwamba pa mitengo, pansi pake phale la madzi. M'kholamo munali nkhunda yaikazi dzina lake Namkanda, poti ndiye ankatumidwa kawirikawiri. Mwamuna wake anali Chikhosi, wotupitsa khosi akamayenda, ngati abambo ena ali pompano amene sindiwatchula.

Namkanda anali atangoikira mazira awiri. Ankafungatira molandizana, mwamuna masana, mkazi dzuwa likapendeka. Ndiye m'mawa wina mwini khola, a Kalonjere, ananyamuka ulendo wokasaka mchere kutali. Dzanja m'khola, gwii! Namkanda, m'chitete.

"Amuna anga, mundigwirire mazirawo!" anafuula. "Ndikangowafikitsa ndibwera."

"Pitani bwino, mayi," anatero Chikhosi. "Koma musachedwe. Paja ine miyendo sichedwa kuchita dzanzi."

Anayenda, anayenda, anayenda. Atafika ku mchere kuja, a Kalonjere anamanga mkanda woyera, chitete tsegu! Namkanda pha-pha-pha, m'mwamba.

Koma tsikulo dzuwa linali lolasa, phwee! Kukhosi gwa! Poyang'ana pansi anaona dambo, madzi ali nyezinyezi. Anati, "Ndingonyowetsa mlomo." Anatera pa kanthambi. Kudzutsa mwendo uwu, kakaka. Kudzutsa uwo, kakaka. Ulimbo!

Ulimbowo unali wa eni ake, koma amene anatulukira ndi Nguluwe. Inu mukumudziwa Nguluwe, salima, satchera, koma sagona ndi njala. Anangoti balamanthu, mimba ikukwekwereza pansi.

"Hii, ndiwo yadzitchera yokha!"

"Zikomo bambo," anatero Namkanda. "Tandiyang'anani bwino. Mafupa okhaokha awa. Mukandidya lero, mwadya kamodzi, ndipo simukhuta. Koma nkhunda yoweta imakupatsani maunda mwezi ndi mwezi. Tiana tonona, tofewa, tosafuna n'kutafuna komwe."

Nguluwe dovu chuu! Namkanda mumtima anati, akangondimasula pano, wandiona komaliza.

Koma Nguluwe anaseka, khukhukhu. "Iwe kankhunda, ukundiyesa wa dzulo? Ine ndimakumba chinangwa kuseri kwa nyumba za anthu, ndimamva zonse. Nkhunda yachilendo amaithothola nthenga za kumapiko. Zikamera, kuthotholanso. Mpaka iikire mazira. Ikangoikira, basi, ndi yako. Ngakhale ukaitaye kuseri kwa phiri, ibwerera ku mazira ake."

Ndipo sananame. Ana inu, chitsiru choopsa ndi chimene chikudziwa chinthu chimodzi choona.

Thotho! Thotho! Thotho! Nthenga zonse za kumapiko pansi mbwee.

Basi Namkanda anakhala kwa Nguluwe, m'mphepete mwa dambo. Woyenda m'mitambo uja tsopano ankangoti tang'atang'a pabwalo ngati mwanapiye. Chakudya chinalipo, osanama. Mapira akuba, mtedza wakuba, nandolo wakuba. Koma akajompha, chakudya chinkaima pakhosi.

Kwawo ankakudziwa kumene kuli. Sankachita kuganiza ayi. Kunkamukoka pachifuwa apa, ngati pali ulusi umene wina akuukoka kuchokera kutali. Akatembenukira kwina, ulusi uja nkwii! Akagona, mlomo unkaloza komweko. Ankakumbuka phale lija long'aluka m'mphepete. Ankakumbuka utsi wa pakhomo pa a Kalonjere, ndi mtengo wa m'bawa wa kuseri kwa khola. Ankati, kodi mazira aja aswa? Kodi bambo aja akudya, kapena angokhala pomwepo? Akayang'ana mkanda woyera kumwendo, ankati, mayi a pakhomo paja akulira maliro a munthu wamoyo, uthenga uli pano ukupondaponda matope.

Ndiye dzuwa likapendeka, nthawi yake yolandira mazira ija, ankakwera pa chulu n'kuyamba kuimba:

Kukuu, kukuu, kwathu n'kutali,
Kukuu, kukuu, utsi wa kwathu,
Chikhosi wanga, gwirira mazira,
Kukuu, ndili m'njira.

Tayankhani nonse, kukuu! Inunso agogo aamuna kumbuyoko, mano mulibe koma kukuu safuna mano.

Nguluwe akamva nyimbo ija ankagona chagada, miyendo m'mwamba. "Imbanso, iwe. Mawu ake ndi opusa, poti m'njira mulibemo, uli pa chulu changa. Koma imanditsitsa chakudya."

Nthenga zikangoti zayamba kumera, thotho! Namkanda kulira. Zikameranso, thotho!

Tsiku lina kunabwera mlendo, Njiri, msuweni wake wa Nguluwe, uja amadya chogwada ngati wolakwa pabwalo la milandu. Pamsana pake panali Khwangwala, mbalame yake yoweta. Kuweta kwake kunali kwakuti Khwangwala ankadya zotsala pakhomo pa Njiri, basi.

"Asuweni, mwadzuka bwanji ndi chimimba chanucho?" anatero Njiri. "Kodi ichi n'chiyani? Mbewa ya mlomo?"

"Ndi nkhunda, iwe wa njerewere kumaso."

"Nkhunda yoyenda wapansi! Ha! Mbalame ndi iyi yangayi. Ndikaitaya kulikonse imabwera yokha."

Apo Namkanda anatsokomola pang'ono. "Pepani bambo, ndilankhuleko. Kubwera n'kubwera, ngakhale kamba amabwera. Koma amafika liti? Kumene ndinabadwira kuli masewera. Eni mbalame amazinyamula m'zitete, kupita nazo kutali, n'kuzitsegulira nthawi imodzi. Iliyonse imathamangira pakhomo pa mbuye wake. Imene yayamba kutera, mwini wake ndiye wapambana. Ine kumeneko ngakhale mphepo inkandipempha kuti ndiidikire."

Njiri makutu tsonga. "Asuweni, tibetche! Ine munda wanga wa chinangwa, iwe wako wa mtedza uja unalanda kwa Nungu."

Nguluwe atamva za chinangwa, dovu chuu! Munda wa Njiri unali waukulu, chinangwa chake ngati ntchafu. Koma anapukusa mutu. "Yangayi sinaikire. Ndikaimeretsa nthenga ithawa."

"Ikadzaikira udzandiitane," anatero Njiri. "Ngati mbewa zimaikira."

Alendo atapita, Namkanda anakhala pa chulu n'kuyamba kuganiza. Kuikira akanatha. Koma kusiya dzira lake lenileni m'kamwa mwa Nguluwe? Ayi, zimenezo ayi.

M'mawa mwake anatsikira kumtsinje, tang'atang'a. Anafuna, anafuna, mpaka anapeza nsangalabwi ziwiri, timiyala tosalala, toyera mbee, tofanana ngati mapasa. Kunyamula sakanatha. Ndiye anakankha ndi chifuwa. Gubudu, gubudu, kupuma. Gubudu, gubudu, mwala kubwerera kumtsinje, iye kuutsatira. Nguluwe nthawi yonseyi ali mkonono pamthunzi, poti amagona usana. Pofika madzulo chifuwa chinali chitanyuka, koma miyala inali pansi pa chitsamba. Anatola timitengo, kuyala, kuyala, n'kukhalapo nyomi.

Nguluwe podzuka: "Iwe, lero nyimbo kulibe?"

"Musandisokoseze, bambo. Ndili ndi ntchito."

"Ntchito yanji?"

Namkanda anadzuka pang'ono chabe, kuonetsa koyera, n'kukhalanso.

"Mayooo! Waikira! Waikira!" Nguluwe anavina, dambo lonse thi-thi-thi. "Tasuntha ndinunkhize."

"Ayi! Mphuno ya nguluwe ikangokhudza dzira la nkhunda, limasukusa, siliswa. Mufuna maunda kapena simufuna?"

"Ndingonyambita pang'ono."

"Ndiye nyambitani, mudye madzi. Ine ndimafuna mudye nyama."

Nguluwe anabwerera m'mbuyo, akumeza malovu.

Inu akuluakulu mukusekerera chiyani? Eya, mwamuna panalibe pamenepo. Anawa asadziwe zambiri. Nayenso Nguluwe sanafunse. Wadyera safunsa kuti zachokera kuti.

Kuyambira tsiku limenelo kuthothola kunatha. Komabe Nguluwe anavindikira chisa ndi chitete, pamwamba n'kutsindikapo mwala, kuti ena asamubere chuma chake. Namkanda anakhala m'menemo, kufungatira miyala. Miyala yozizira, ana inu. Ukaifunditsa imafunda, ukangosuntha yazizira. Ankatseka maso n'kumayerekeza kuti ndi ake aja a kwawo. Nthawi zina ankaiwala n'kuitembenuza ndi mlomo, mwachikondi, kenaka n'kukumbuka. Koma nthenga zinkamera. Zinkamera.

"Saswa bwanji?" Nguluwe ankafunsa m'mawa uliwonse.

"Mazira a maunda onona amachedwa, bambo. Ofulumira ndi a timba."

Mapiko atadzaza, Nguluwe anatumiza mawu kwa msuweni wake. Njiri anafika ndi Khwangwala wake. Asuweni aja ali pakati potukwanizana, Khwangwala anadumpha, jowa, jowa, mpaka pa chitete. Anasuzumira ndi diso limodzi. Anatembenuka, kusuzumira ndi linalo. Paja Khwangwala ndi wakuba mazira, amawadziwa ngati mmene inu mumadziwira mphika umene muli nyama.

"Chemwali," ananong'ona, "ana amenewa akadzakula adzakhala mphero kapena mafuwa?"

Namkanda anaphimba miyala ija ndi mapiko. Ulusi uja pachifuwa unati nkwii, ngati uduka.

"Achimwene, tsitsani mawu."

"Nditsitse chifukwa chiyani? Ine nkhani ikandilowa m'kamwa imandiyabwa."

"Tamvani. Mukaulula, andithotholanso, mpikisano wafa, inu mubwerera ku makoko a pakhomo pa a Njiri. Mukakhala chete, mupikisana ndi mbalame imene sidzafika. Muuluke mwaulesi, muime panjira, mudye, mugone, mudzapezabe mwapambana. Munda wa mtedza wonse uja, adzayamba kuulawa ndani?"

Khwangwala anakanda khosi lake loyera lija. Anayang'ana munda wa mtedza. Ndiye anakweza mawu kuti onse amve: "Koma mazira okongola! A Nguluwe, muli ndi mwayi. Olimba bwino!"

"Wamva, iwe wa njerewere?" anatero Nguluwe. "Olimba!"

Tsono anakangana za kokatsegulira. Njiri ankafuna pafupi. Namkanda anati, "Bambo, pafupi Khwangwala angatipose. Iyeyu amatopa msanga. Tiyeni kutali, ku phiri lija la mutu wadazi." Phiri limenelo, ana inu, linali mbali ya kwawo, kumene ulusi unkakokera.

Asananyamuke anafunditsa miyala ija ndi masamba. "Tsalani bwino ana anga. Bambo, mukabwerera kuno musawakhudze."

"Wamva, msuweni? Ikutsanzika ana. Ibwera iyi!" anatero Nguluwe.

Nguluwe anasenza chitete pamsana, nayenso Njiri chake cha Khwangwala. Anayenda, anayenda, wefuwefu, thukuta kamukamu. Namkanda ali m'kati, akuti, "Pitirirani pang'ono, bambo, chinangwa chikukuyembekezani." Wefuwefu. "Pang'ono pokha." Mpaka anamusenza theka la njira ya kwawo.

Pamwamba pa phiri anaika zitete pansi. Njiri anati, "Tsegula!" Tsegu! Tsegu!

Pha-pha-pha-pha!

Haa, mphepo kulowa m'nthenga zatsopano! Namkanda anakwera, anakwera, misozi ili chuchuchu. Anazungulira. Anazunguliranso. Ulusi uja unati nkwii, iye tswii!

Pansi paja Nguluwe anati, "Msuweni, yalowera kuti?"

"Ndidziwa bwanji? Yang'ana wekha."

Anayesa kudzutsa mutu, khosi gwa! Nayenso Njiri, khosi gwa! Kodi munaionapo nkhumba ikuyang'ana kumwamba? Onse awiri anangomva mapiko. Nguluwe anati, "Ndamva bwino, yalowera kwathu. Tiye tikaipeze!" Liwiro, gubudugubudu, kutsika phiri.

Timusiye kaye Namkanda ali m'mwamba, sagwa ayi.

Nguluwe anafika pakhomo pake lilime lili panja. Pa chisa, zii. Anati yaima pomwa madzi. Anakhala pansi. Khwangwala anafika mawa lake, mimba ili ndendende, akuyasamula, n'kutera pakhomo pa Njiri. Munda wa mtedza unapita. Nguluwe anati, "Palibe kanthu, maunda ndidya ndekha." Anadikira, anadikira. Dzuwa likapendeka ankapeza maso ake ali pa chulu chija. Pachulu zii. Chakudya chinayamba kumuima pakhosi, iye amene sankadziwa kuti pakhosi pamaima kanthu. Anayesa kudziimbira yekha, koma kunangotuluka nguu, nguu.

Potsiriza njala inamukwiyitsa. "Kaya aswa kaya saswa!" Anavundukula masamba, mazira onse awiri m'kamwa, n'kuluma ndi mphamvu zake zonse.

Khobo!

Mano awiri anapindikira kunja, mpaka lero sanabwerere. Ndipo mpaka lero amangoyenda mphuno pansi, kufukula apa, kufukula apo, nguu, nguu, kufunsa ngati wina waiona nkhunda yake.

Tsono Namkanda. Anauluka, anauluka. Ludzu linamugwira, pansi madzi ali nyezinyezi, iye anati, "Nyezimirani nokha." Kabawi anamuthamangitsa, iye anangoti phe! kumusiya akuwerama. Mapiko atsopano anayamba kuwawa, iye osaima. Kenaka anaona mtsinje woudziwa. Kenaka njira ya kuchitsime. Kenaka m'bawa uja. Kenaka utsi, utsi wa kwawo, ukukwera mowongoka ngati ukumukodola.

Anatera padenga la khola, dzuwa litapendeka.

Pakhonde panali a Kalonjere eni ake, ali tambalale, onenepa, akusenda nzimbe. Anali atabwera kalekale ndi miyendo yawo, mchere uja n'kudya, n'kutsala pang'ono kutha. Akazi awo anayang'ana padenga n'kuwomba m'manja.

"Bambo, bambo! Taonani, mkanda woyera! Akuti mwafika bwino!"

"Ooh," anatero a Kalonjere. "Mtima wanga wakhala pansi. Ndimada nkhawa."

Namkanda analibe nazo ntchito zimenezo. Anatsikira pakhomo pa chipinda chake. Panali nkhunda ziwiri zazing'ono, nthenga zitamera kale, zikumuyang'ana ndi maso achilendo.

"Atate! Kwabwera mayi ena ake. Akulira."

Mayi ena ake. Mawu amenewo analasa kuposa kuthothola konse kuja.

M'katimo munamveka kukwekwereza. Chikhosi anasuzumira. Khosi lotupa lija linali litaphwa, nthenga zili nyankhalala. Anali atafungatira yekha usana ndi usiku, kulera yekha, kudyetsa yekha. Ana atakula, iye sanasiye. Dzuwa likapendeka ankabwerera pa chisa chopanda kanthu, n'kukhala mbali imodzi, mbali inayo kuisiya.

Anamuyang'ana mkazi wake. Anamuyang'ananso. Ndiye anasuntha pang'ono.

"Mwachedwa, mayi," anatero. "Miyendo yachita dzanzi."

Namkanda analowa n'kukhala pamalo pake. Panali pofunda.

Kuyambira pamenepo nkhani ya mpikisano ija inawanda, poti Khwangwala sasunga nkhani, mpaka anthu anayamba kupikisanitsa nkhunda zawo. Koma amene amadziwa amakuuzani kuti nkhunda siithamangira mphoto, siithamangira amene waidyetsa. Imathamangira amene akuidikira.

Ndiye inu amene mumati munthu mukamukhutitsa ndiye kuti ndi wanu, kasuzumireni bwino m'chisa, mwina akukufungatirirani miyala. Ndi inu abambo amene mumapita kogula mchere n'kutha zaka, nkhunda inali ndi chifukwa, inathotholedwa. Inu anakuthotholani ndani?

Yathera pompo nthano, yakatera pakhola pake. Amene wagona ndiye Nguluwe, mawa timuyang'ane mano.